Kuyeza Mkodzo, Chikhodzodzo ndi Impso kwa Abambo Amene Prostate Yawo Yakula

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha kamene kali m'munsi mwenimweni mwa chikhodzodzo, ndipo kanazungulira njira imene mkodzo umadutsamo potuluka. Mwa mwamuna wachinyamata kamalemera magalamu 20 kapena kuposerapo pang'ono, koma munthu akapitirira zaka 40 kamayamba kukula pang'onopang'ono, moti pafupifupi theka la amuna a zaka za pakati pa 51 ndi 60 amakhala ndi prostate yokula, ndipo mwa amene apitirira zaka 80 chiwerengerocho chimafika pafupifupi 9 mwa amuna 10 alionse. Kukula kumeneku si khansa ayi, ndipo madokotala amakulemba mwachidule m'makhadi a odwala kuti BPH.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kukula kwa prostate pakokha sikunena zambiri za kuopsa kwa matendawa. Alipo abambo amene prostate yawo ndi yaikulu kwambiri koma mkodzo umatuluka bwinobwino, pomwe ena yangokula pang'ono chabe koma yakulira mkati molowera m'chikhodzodzo n'kupanikiza njira. Madandaulo a wodwala nawonso amasocheretsa, pakuti munthu amene amadzuka kasanu usiku n'kumadandaula tsiku lililonse akhoza kukhala ndi impso zabwinobwino, pomwe mnzake amene sadandaula kanthu, kupatula kuti wayamba kunyowetsa pogona, impso zake zikhoza kukhala zikuwonongeka mwakachetechete. N'chifukwa chake dokotala sakhutira ndi kumva nkhani yokha kapena kudziwa kukula kwa prostate, koma amafuna kudziwa mphamvu imene mkodzo ukutuluka nayo, kuchuluka kwa mkodzo umene ukutsalira m'chikhodzodzo munthu akamaliza kukodza, ndiponso ngati kutsekekako kwafika kale poononga impso.

Malangizowa ndalembera abambo athu achikulire olankhula Chichewa a mu Harare muno, a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Epworth, pamodzi ndi ana ndi adzukulu amene amawaperekeza kuchipatala. Kawirikawiri ulendo umayambira pa kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu, kumene amakupatsani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu monga Sally Mugabe Central Hospital, chimene ambiri amachitchabe Gomo, kapena ku Parirenyatwa, ndipo a ku Chitungwiza ali ndi chipatala chawo chachikulu komweko. Amene ali ndi medical aid kapena ndalama za m'thumba amapita kwa madokotala a ku Avenues. Kulikonse kumene mungapite, kuyeza kulikonse kumadya ndalama ndi nthawi, ndipo kuyeza kumene munthu sanakonzekere bwino kumatulutsa manambala onama amene amachititsa kuti abwereze kapena alandire chithandizo chosayenera.

Musanafike kwa dokotala

Choyamba ganizirani za wokuperekezani. Pa mwambo wathu bambo wachikulire sangafotokoze momasuka za kukodzera pogona kapena kudontheza m'kabudula pamaso pa mwana wake wamkazi kapena mpongozi wake, ndipo akafunsidwa m'Chishona kapena m'Chingelezi amangoyankha kuti zonse zili bwino kuti nkhani ithe msanga. Ngati pakufunika womasulira, ndi bwino atakhala mwana wamwamuna, mnzawo wa kumpingo kapena kumzikiti, kapena mdzukulu wamwamuna amene agogo amacheza naye momasuka. Amayi a kunyumba nawo amadziwa zambiri za usiku zimene mwini wake amabisa kapena kuiwala, choncho ndi bwino kumva mawu awo musananyamuke.

Kuyeza koyamba kumachitikira kunyumba ndipo sikulira ndalama, koma ndikuona kuti ndi kumene kumanyalanyazidwa kwambiri. Pezani jagi yokhala ndi mizere ya mamililita, kapena dulani botolo la Mazoe la malita 2 n'kulembapo mizere pothiramo madzi oyezedwa kale, ndipo kwa masiku 3 lembani m'kope nthawi iliyonse imene mwakodza pamodzi ndi kuchuluka kwa mkodzowo, usana ndi usiku womwe. Lembaninso zimene mwamwa ndi nthawi yake, kaya ndi tiyi, mahewu, Chibuku kapena madzi, komanso nthawi imene mwagona ndi imene mwadzuka. Musasinthe kamwedwe kanu pa masiku amenewa pofuna kusangalatsa dokotala, chifukwa cholinga ndi kuona moyo wanu monga ulili.

Kope limeneli limasiyanitsa zinthu zimene pakamwa zimamveka ngati chimodzi. Munthu amene amakodza pafupipafupi koma timikodzo ta mamililita 100 kapena kuchepera, ndiye kuti chikhodzodzo chake sichikusunga bwino kapena sichikukhuthula zonse. Amene amakodza pafupipafupi koma mkodzo wambiri nthawi iliyonse, mpaka kupitirira malita 3 pa maola 24, vuto lake likhoza kukhala matenda a shuga kapena kumwa kwambiri, osati prostate. Kuti mudziwe mkodzo wa usiku, phatikizani wonse umene mwakodza mutagona kale pamodzi ndi woyamba wa m'mawa, ndipo ukaposa gawo limodzi mwa magawo 3 a mkodzo wa tsiku lonse, ndiye kuti thupi likupanga mkodzo wambiri usiku. Zimenezi zimachitika kwa anthu otupa miyendo, odwala mtima, obanika kutulo ndi okonda kumwa madzulo, ndipo munthu wotere ngakhale atachitidwa opaleshoni ya prostate adzapitirizabe kudzuka usiku.

Tengani mankhwala onse amene mukumwa, m'mapaketi ake, osasiya ogula nokha ku famase kapena azitsamba. Mapiritsi ena a BP monga hydrochlorothiazide, komanso furosemide, amachulukitsa mkodzo. Mankhwala a chimfine okhala ndi pseudoephedrine kapena chlorpheniramine, amene ambiri timathamangira m'miyezi yozizira ya June ndi July, amatha kutsekeratu mkodzo wa munthu amene njira yake ndi yopanikizika kale, ndipo amitriptyline amachitanso chimodzimodzi. Nenaninso ngati munadwalapo chinzonono ngakhale kalekale, ngati munaikidwapo catheter (kachubu kotulutsira mkodzo m'chikhodzodzo), ngati muli ndi shuga, kapena ngati munadwalapo sitiroko kapena kuvulala msana, chifukwa zonsezi zimasintha tanthauzo la zotsatira.

Mafunso a IPSS ndi kuyeza mkodzo mu labu

Ku chipatala mudzafunsidwa mafunso 7 a pa fomu yotchedwa IPSS, onena za mwezi umodzi wapitawo. Amafunsa za kumva ngati mkodzo watsalira, kukodzanso maola 2 asanakwane, mkodzo woduladula, kulephera kupirira, mkodzo wopanda mphamvu, kukankha ndi mimba kuti uyambe kutuluka, ndi kudzuka usiku. Funso lililonse lili ndi mapointi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo onse pamodzi amafika 35. Mapointi 0 mpaka 7 ndi vuto laling'ono, 8 mpaka 19 ndi lapakatikati, pomwe 20 mpaka 35 ndi lalikulu. Pali funso lina lapadera lofunsa mmene mungamvere mutakhala chomwechi moyo wanu wonse, ndipo limeneli liyankheni kuchokera pansi pa mtima. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, madokotala a ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa anakonza fomu ya zithunzi yotchedwa VPSS imene munthu amangoloza chithunzi chofanana ndi mmene iye amakodzera. Mapointiwa amanena za kuvutika kwanu, sanena ngati njira yatsekeka, koma asungeni chifukwa adzafunika poyerekeza mukayamba mankhwala.

Kenako amakupatsani kabotolo koyera kuti muikemo mkodzo. Sambani m'manja, tsukani kumaliseche, ndipo ngati simunadulidwe kokerani khungu m'mbuyo. Mkodzo woyamba upite m'chimbudzi, mutape wapakati, kenako mumalizire m'chimbudzi momwemo. Musabwere ndi mkodzo wa dzulo m'botolo la kunyumba, pakuti majeremusi amaswana mumkodzo wokhalitsa ndipo labu idzanena kuti muli ndi matenda amene mulibe. Namwino amaviikamo kapepala kosintha mtundu kamene kamaonetsa magazi, shuga, puloteni ndi zizindikiro za mafinya. Mafinya akapezeka, mkodzo umatumizidwa kuti akaone mtundu wa majeremusi ndi mankhwala amene angawaphe. Matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza mwa mwamuna wachikulire amasonyeza kawirikawiri kuti mkodzo ukutsalira, ndipo ndi bwino kuwachiza kaye musanapite kukayeza zina, chifukwa amasokoneza zotsatira zake.

Magazi mumkodzo ndi nkhani yosayenera kuikankhira kwa prostate mwachangu, ngakhale kuti prostate yokula imathadi kutulutsa magazi. Ambiri mwa abambo athu anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kapena mtsinje wa Shire, ena anagwira ntchito zaka zambiri m'mafamu okhala ndi madamu ndi ngalande zothirira kuno ku Zimbabwe, ndipo konseku likodzo ndi lofala. Likodzo lokhalitsa limaumitsa chikhodzodzo, limatseka timapaipi tochokera ku impso, ndiponso limatha kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo patapita zaka zambiri. Uzani dokotala kumene munakulira. Poyeza mazira a likodzo amafuna mkodzo wotsiriza, osati wapakati, wotengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Amene amasuta fodya kapena anasutapo kale anene zimenezi, chifukwa fodya nayenso amayambitsa khansa ya m'chikhodzodzo.

Mphamvu ya mkodzo ndi mkodzo wotsalira

Kuyeza mphamvu ya mkodzo, kumene pa fomu amalemba kuti uroflowmetry, sikupweteka ndipo palibe chimene amakulowetsani m'thupi. Mumangokodzera m'fanulo yolumikizidwa ku makina amene amawerenga mamililita otuluka pa sekondi iliyonse n'kujambula mzere papepala. Makinawa sapezeka m'chipatala chilichonse, choncho funsani dokotala wa urology, woona za matenda a njira ya mkodzo, kumene angakutumizeni.

Kukonzekera kwake ndi kumene kumavuta anthu. Mufike chikhodzodzo chili chodzaza monga mmene chimakhalira mukafuna kukodza pa tsiku wamba, osati chotupa mpaka kumva kuwawa. Imwani makapu awiri kapena atatu a madzi kukatsala ola limodzi, ndipo ngati mukuchokera kutali pa kombi ndi bwino kufika msanga n'kumwera madziwo pachipatala pomwepo. Mkodzo uyenera kukwana mamililita 150 kapena kuposa kuti zotsatira zikhale zodalirika. Kodzani mmene mumakodzera kunyumba, choimirira kapena chokhala, osakankha ndi mimba pofuna kukweza nambala, osafinya mbolo, ndiponso osayendetsa mkodzo uku ndi uku m'fanulomo. Pemphani kuti akusiyeni nokha m'chipinda, pakuti manyazi okha amachepetsa mphamvu ya mkodzo. Mukamaliza, nenani ngati mwakodza monga mwa masiku onse kapena ayi, ndipo nambala ikatuluka yotsika ndi bwino kuyezanso kachiwiri asanagamule kanthu.

Nambala yofunika kwambiri papepalapo ndi Qmax, kutanthauza liwiro lalikulu limene mkodzo unafikapo. Ikaposa mamililita 15 pa sekondi, kawirikawiri njira siinatsekeke kwambiri. Ikachepera 10, mwayi woti yatsekeka ndi waukulu, ndipo pakati pa 10 ndi 15 nkhani imakhala yosadziwika bwino. Maonekedwe a mzerewo nawo amalankhula, chifukwa wa munthu wabwinobwino umakwera msanga n'kutsika msanga, wa prostate umakwera pang'ono n'kutsika mochedwa kwa nthawi yaitali, pomwe mzere wotsika wongoyenda mopingasa osakwera umakayikitsa kuti njira ya mkodzo inachepa chifukwa cha chipsera, monga zimachitikira pambuyo pa chinzonono kapena kuvulazidwa ndi catheter. Komabe kuyeza kumeneku kuli ndi malire ake. Madzi akamatuluka ofooka pampopi, mwina paipi yatsekeka kapena pampu ndiyo yatha mphamvu, ndipo poyang'ana pampopi pokha simungadziwe. Momwemonso Qmax yotsika singasiyanitse prostate yotseka njira ndi chikhodzodzo chimene minofu yake yafooka.

Kumene makina kulibe, mukhoza kuyerekeza kunyumba pogwiritsa ntchito jagi ija ndi wotchi ya pafoni. Gawani mamililita ndi masekondi amene mwatenga. Mamililita 300 otuluka m'masekondi 20 ndi 15 pa sekondi, pomwe omwewo akatenga masekondi 60 ndi 5 pa sekondi. Nambala imeneyi ndi yapakatikati ndipo imachepa poyerekeza ndi Qmax, choncho musaiyerekeze ndi manambala a makina, koma imathandiza kuona ngati zinthu zikusintha pakapita miyezi.

Mukangomaliza kukodza, pasanathe mphindi 10, amayeza mkodzo wotsalira m'chikhodzodzo poika kachipangizo ka sikani m'munsi mwa mchombo. Pa lipoti amalemba kuti PVR. Wosakwana mamililita 50 ndi wabwino, ndipo mwa achikulire ngakhale wofika 100 suchititsa mantha, koma ukamaposa 300 mobwerezabwereza ndiye kuti chikhodzodzo sichikukhuthula ndipo impso ziyenera kuunikidwa. Nambala imeneyi imasinthasintha kwambiri mwa munthu mmodzi yemweyo, choncho kuyeza kamodzi kokha sikokwanira kugamulira opaleshoni. Pano pali msampha umene umakola ambiri. Popita kukajambulitsa sikani munthu amauzidwa kumwa madzi ambiri, kenako amadikira pa mzere nthawi yaitali mpaka chikhodzodzo chitadzaza mopitirira muyezo, ndipo chikhodzodzo chotanuka chotero chimalephera kukhuthula ngakhale mwa munthu amene masiku onse amakodza bwino. Zikakuchitikirani zotere, uzani wojambulayo, mupite mukakodzenso kachiwiri, kapena mupemphe kuti PVR idzayezedwenso tsiku lina.

Sikani yomweyo imaonetsa kukula kwa prostate m'mamililita, kutalika kwa mbali imene yalowera m'chikhodzodzo, imene ikaposa mamilimita 10 imagwirizana kwambiri ndi kutsekeka, komanso khungu la chikhodzodzo lokhuthala, timatumba totuluka m'mbali mwake ndi miyala. Pemphani kuti ajambule impso pa ulendo womwewo, kuti musalipire kawiri.

Impso

Apa ndi pamene pagona moyo wa munthu, ndipo ndikupempha ana amene akusamalira makolo kuti awerenge mofatsa. Chikhodzodzo chikamakhala chodzaza usana ndi usiku mopanikizika, mkodzo wochokera ku impso umalephera kutsika, timapaipi take timatupa, ndipo impso zonse ziwiri zimafufuma ndi mkodzo. Pa lipoti la sikani mudzaona mawu akuti hydronephrosis. Choopsa n'chakuti zimenezi sizipweteka. Munthu amakodzabe tsiku lililonse, motero amaganiza kuti njira ili yotsegula, chonsecho chimene chikutuluka ndi chosefukira chabe. Zizindikiro zake ndi kuyamba kukodzera pogona munthu wamkulu, kudontheza osazindikira, mimba kutupa m'munsi mwa mchombo mpaka lamba kuyamba kuthina, BP kukwera, miyendo kutupa, kusafuna chakudya, nseru, kuyabwa thupi ndi kufooka. M'mabanja ambiri kukodzera pogona kwa agogo kumatengedwa ngati ukalamba chabe, ena amaganizira zamatsenga, ndipo banja limangogula pulasitiki yoyala pa matiresi. Bambo wachikulire akayamba kunyowetsa pogona apite kuchipatala sabata yomweyo, akayezedwe PVR ndi magazi a impso.

Magaziwo pa fomu amalembedwa kuti U&E ndi creatinine, ndipo safuna kusala chakudya pokhapokha ngati akuyezerani limodzi shuga. Creatinine ndi zinyalala zimene impso zimachotsa m'magazi, ndipo mwa amuna akuluakulu imakhala pakati pa 60 ndi 110 kapena pafupi pamenepo, malinga ndi muyezo wa labu imene yayeza. Kuchokera pa creatinine amawerengera eGFR, imene ikamatsika ndiye kuti impso zikufooka, ndipo ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi 3 amati ndi matenda a impso okhalitsa. Yang'ananinso potassium, mtundu wina wa mchere wa m'magazi, chifukwa ikakwera kwambiri imasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo munthu amafunika kugonekedwa tsiku lomwelo. Dziwani kuti creatinine imayamba kukwera impso zitawonongeka kale ndithu, choncho nambala yabwino siyichotsa kufunika kwa sikani ngati mkodzo wotsalira ndi wambiri. Dziwaninso kuti shuga ndi BP zimaononga impso pazokha, ndipo sikani ndiyo imasiyanitsa, pakuti impso zoonongeka ndi kutsekeka zimaoneka zofufuma. Amene impso zawo zakhudzidwa apewe ibuprofen ndi diclofenac, ndipo ngati akumwa metformin kapena ma ARV okhala ndi tenofovir auze dokotala kuti aonenso mlingo wake, osasiya okha.

Hydronephrosis ikapezeka pamodzi ndi creatinine yokwera, chithandizo choyamba ndi catheter, osati mapiritsi. Atangoika catheter, impso zimatha kutulutsa mkodzo wambiri zedi, woposa mamililita 200 pa ola kwa maola angapo, ndipo munthu akhoza kutha madzi m'thupi n'kugwa BP, n'chifukwa chake odwala otere amagonekedwa kuti aziyezedwa magazi ndi mkodzo pafupipafupi. Nthawi zambiri impso zimabwererako ndithu zikapumula chotere, koma catheter siichotsedwa mpaka njira itakonzedwa.

Za PSA, imene amayeza m'magazi, ndi kupima prostate ndi chala ndinena mwachidule, chifukwa siziyeza kutsekeka, zimafufuza khansa. Komabe musazikane, pakuti malipoti a Zimbabwe National Cancer Registry amaonetsa kuti khansa ya prostate ndiyo imapezeka kwambiri mwa amuna m'dziko muno, ndipo zizindikiro zake sizisiyana ndi za BPH. Dokotala amavala magolovesi n'kulowetsa chala chimodzi ku njira ya chimbudzi kwa masekondi ochepa kuti amve ngati prostate ili yosalala kapena yolimba ndi yamabampu. PSA imakwera ndi khansa, koma imakweranso ndi kukula wamba, matenda a m'chikhodzodzo ndi kutsekeka kwa mkodzo kwadzidzidzi, choncho magazi otengedwa tsiku loikidwa catheter akhoza kuopseza banja pachabe. Pambuyo pa matenda a mkodzo dikirani masabata 6, ndipo ngati mwamwa mankhwala ochepetsa kukula kwa prostate otchedwa finasteride kwa miyezi 6 kapena kuposa, kumbutsani dokotala kuti mankhwalawa amatsitsa PSA ndi theka.

Pamene dokotala akufuna umboni wokwanira

Kuyeza kokhako kumene kumasiyanitsa njira yotsekeka ndi chikhodzodzo chofooka ndi urodynamics. Amalowetsa kachubu kakang'ono kwambiri m'chikhodzodzo ndi kena ku njira ya chimbudzi, n'kudzaza chikhodzodzo pang'onopang'ono ndi madzi oyera amchere, uku akukufunsani pamene mwayamba kumva mkodzo ndi pamene simungathenso kupirira, kenako mumakodzera m'makina machubuwo ali momwemo. Makina amachotsera mphamvu ya mimba kuti itsale ya chikhodzodzo chokha. Chikhodzodzo chikamafinya mwamphamvu koma mkodzo n'kumatuluka pang'ono, njira yatsekekadi ndipo opaleshoni ikhoza kuthandiza kwambiri. Chikamafinya mofooka mkodzo n'kumatulukanso pang'ono, vuto lili m'minofu, ndipo kupala prostate sikungabweretse zonse zimene wodwala akuyembekezera. Pa lipoti pamakhala nambala ya BOOI, imene ikaposa 40 ndiye kutsekeka, ikachepera 20 palibe kutsekeka, ndipo pakati pake m'posadziwika.

Si munthu aliyense amene amafunika kuyeza kumeneku, ndipo musamve ngati mwamanidwa kanthu dokotala akapanda kukutumizani. Amakuganizira makamaka opaleshoni isanachitike kwa amene sanakwane zaka 50 kapena apitirira 80, amene PVR yawo imaposa 300, amene amalephera kukodza mamililita 150, amene ali ndi matenda a mitsempha monga sitiroko kapena Parkinson, ndi amene anachitidwapo opaleshoni koma osapeza bwino. Mupite mulibe matenda a mkodzo ndiponso musanadzimbidwe. Pambuyo pake mkodzo umatha kuwotcha kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma thupi likatentha bwererani kuchipatala. Cystoscopy, kumene amalowetsa kakamera m'njira ya mkodzo, amachita ngati muli magazi mumkodzo kapena akukayikira chipsera, miyala kapena chotupa.

Mkodzo ukatsekeratu

Munthu akalephereratu kukodza, m'munsi mwa mimba mutatupa ndi kuwawa, palibe kope kapena kuyeza kwa kunyumba kumene kungathandize. Musamumwetse madzi ambiri kapena zitsamba poganiza kuti zikankha mkodzo, musadikire kuti kuche, pitani naye ku casualty. Chimodzimodzinso akamakodza magazi oundana, kapena akatentha thupi n'kumanjenjemera pamodzi ndi kuwawa kwa m'chiuno. Akaika catheter, woperekeza afunse kuchuluka kwa mkodzo umene watuluka poyamba ndipo aonetsetse kuti walembedwa m'khadi, chifukwa nambala imeneyi idzathandiza dokotala wa urology pambuyo pake. Mkodzo woposa lita imodzi, makamaka ngati munthuyo samamva kuwawa kwenikweni, umasonyeza kuti vutoli linayamba kalekale. Magazi a impso ayezedwe tsiku lomwelo.

Ngati impso zili bwino, kawirikawiri amapereka tamsulosin wa 0.4 mg, mankhwala omasula njira ya mkodzo, kwa masiku awiri kapena atatu kenako n'kuchotsa catheter kuti aone ngati munthu angakodze yekha, ndipo akakodza amayezanso PVR asanamulole kupita. Musachoke pachipatala musanapatsidwe tsiku lobwerera, pakuti catheter yokhala miyezi yambiri osasinthidwa imatsekeka, imabweretsa matenda ndi miyala.

Zotsatira zonse zikaikidwa pamodzi, njira ya chithandizo imaoneka. Munthu wa mapointi ochepa, PVR yochepa ndi impso zabwino akhoza kungochepetsa tiyi ndi mowa madzulo, kupewa kudzimbidwa, kudikira pang'ono akakodza n'kuyesanso kachiwiri, ndi kubwerera kukayezedwa chaka chilichonse. Wovutika kwambiri amapatsidwa tamsulosin kapena doxazosin, amene amagwira ntchito m'masiku ochepa koma amatha kuchititsa chizungulire poimirira, ndipo amene akukonzekera opaleshoni ya ng'ala auze dokotala wa maso kuti akumwa tamsulosin. Prostate ikaposa mamililita 40 amatha kuwonjezera finasteride wa 5 mg, amene amafuna miyezi 6 kuti ntchito yake ioneke. Opaleshoni imakhala yofunika, ngakhale wodwala asadandaule kwambiri, ngati mkodzo watsekeka mobwerezabwereza, matenda a mkodzo sakutha, m'chikhodzodzo muli miyala, magazi a prostate sakusiya, kapena impso zafufuma. Kawirikawiri amachita TURP, yopala prostate kudzera m'njira ya mkodzo, ndipo yoposa mamililita 80 nthawi zambiri amaichotsa pong'amba pamimba.

Mukayamba mankhwala, bwererani pakatha masabata 4 mpaka 6 kuti mukayankhenso mafunso a IPSS ndi kuyezedwa PVR, komanso Qmax ngati makina alipo, ndipo pambuyo pa opaleshoni amayezanso zomwezo catheter itachotsedwa. Amene creatinine yawo inakwerapo apitirize kuyezetsa magazi monga mmene dokotala wawauzira ngakhale akukodza bwino. Mapepala onse, kuphatikizapo mzere wa makina ndi lipoti la sikani, asungeni m'envulopu imodzi motsatira madeti, ndipo muwajambule pafoni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya timapepala ta makina imafufutika pakapita miyezi ingapo.